Mizere pa Kapinga wa Adona

Randburg, Joni
12 Febuluwale 2006

Amake Chisankho,

Ndinafika Lachinayi masana, wamoyo. Miyendo yokha ndiyo inatupa ndi basi ya masiku atatu, moti nsapato ndinatsika nazo m'manja. Kaya inu muli bwanji kumeneko? Nanga mwana, chifuwa chija chatsika? Mundiyankhe zimenezi poyamba, zina pambuyo.

Pa siteshoni anandichingamira Anock, uja tinkaumba naye njerwa ku Area 23. Wanenepa khosi, ndipo mawu alionse amayamba ndi "eish" ngati wapsa ndi tiyi. Koma ndi munthu. Mawa lake ananditengera kwa adona ena achizungu, amasiye, amakhala okha ndi galu. Anandiyang'ana m'manja, ataona zikang'a anati ndiyambe Lolemba. Ntchito ndi ya m'galadeni. Malipiro R750 pamwezi, kogona ndi kachipinda kuseri kwa galaja. Ya mwezi woyamba yambiri ipita kwa a Enerst a thiransipoti amene anandibweretsa, ndi omwewonso azikufikitsirani makalata.

Tsono mverani. Ine sindinabwere kuno kudzaona nyumba zosanja. Ndabwerera malata 24 amene a Laws akalipentala anawerengera, ndi mapaso ake ndi misomali. Zija za mu Januwale, mwana kugonekedwa kuchipatala sabata yathunthu chifukwa chofunda bulangete lonyowa, sizidzachitikanso. Mvula ya chaka chino ipirireni, yatsala pang'ono. Koma ya Novembala idzakupezani pansi pa malata, ndalumbira ine Leston.

Pakadali pano bedi mulisunthire kukhoma la kumtunda, kumene pulasitiki ya padenga ili yolimbako. Beseni lalikulu pakona, laling'ono pakhomo. Khoma lathulo ndi la zidina, likayamba kufewa m'munsi musadikire, itanani a Laws alichirikize ndi mtengo. Mwana azivala chipewa ngakhale kukutentha. Ku sikelo musaphonye.

Za pa malire sindilemba. Tinadutsa, basi.

Ndine wanu,
Bambo a Chisankho


Randburg
5 Malichi 2006

Amake Chisankho,

Moni wa kuno. Kalata yanu ndalandira, ndakondwa kumva kuti mwana wayamba kukhala yekha. Muzimuyalira thumba, pansi pa dothi pamazizira. Ine ndili bwino, buledi yekha ndiye wanditopetsa.

A Enerst akupatsani R200. Posintha musavomere pansi pa K21 pa randi. Mugule malata atatu, a geji 28, mafiti khumi. Muwagogode ndi chala, akalira ngati chitini muwasiye. Kunyumba muwagoneke m'mphepete mwa khoma nkuphimba ndi mphasa. Achimwene anu a Aubrey asawaone, mukuwadziwa.

Ntchito si yowawa, koma ikundipweteka mutu. Malo a adona ndi aakulu ngati theka la bwalo la mpira. Dothi lake lakuda bii, lofewa, loti kwathu anthu angatengerane kukhoti. Ndiye mukudziwa chimene anadzalapo? Kapinga. Udzu, amake mwana. M'mawa ndimauthirira, madzulo ndimauthirira, ndimauthira feteleza weniweni wa m'thumba, ukakula ndimaumeta ndi makina nkukautaya. Mbuzi alibe, ng'ombe alibe. Ndinawafunsa kuti madamu, udzu umenewu amadya ndani? Anaseka mpaka kukhosomola, akuti ndi wongoyang'ana. Koma Loweruka lililonse amapita kusitolo kukagula timasamba ta m'pepala, todzadza dzanja limodzi R12, nkumabwera akudandaula kuti zinthu zakwera. Munthu kudandaula njala atakhala pa dimba!

Pa 20 akupita ku Ingalande, mwana wawo wachira kumeneko, akakhala milungu isanu ndi umodzi. Ndiye chitani izi. Mupatse a Enerst nthanga za maungu, njere za bonongwe, khobwe, therere ndi chimanga chamakolo pang'ono. Mumange m'nsanza, chilichonse pachokha. Mutumizenso khasu langa, muchotse mpini, mulikulunge m'chitenje chakutha. Kuno khasu lenileni kulibe, ali ndi timafoloko ngati todyera.

Musafunse zambiri. Ndili ndi nzeru yoti adona akadzabwera adzandikweza malipiro okha, ine osapempha.

Wanu,
Leston


Randburg
16 Epulo 2006

Amake Chisankho,

Pasaka wabwino kwa inu ndi mwana. Mwati mano awiri atuluka ndipo akutsegula m'mimba. Musamvere zoti ndi mano chabe, muzimupatsa thanzi, zikapitirira kuchipatala. Ine ndili bwino kwambiri, kuposa masiku onse.

Nayi R450. Malata asanu ndi limodzi, akwane asanu ndi anayi. Yotsalayo sopo ndi ufa wa phala.

Ntchito ndaigwira. Adona atangonyamuka ndinaika mpini kukhasu. Masiku asanu ndi anayi kapinga yense ndinali nditamuchotsa, ndinangosiya kachigamba koti galu azigonapo. Mizere 34, yowongoka ngati ya alangizi. Madzi kuno amangotuluka okha m'timipopi tozungulira, ndiye zamera ngati zikuthamangitsidwa. Nkhwani wayanga kale, bonongwe ndayamba kudya, chimanga chafika m'mawondo. Ndimati ndikaima pakhonde m'mawa, ndimaona ngati ndili kwathu, kungosowa inu ndi tambala.

Anthu ayamba kale kuchita chidwi. Bwana wa nyumba yoyandikana nafe anasuzumira pampanda, anapita kukaitana akazi ake, onse awiri nkumajambula zithunzi. Anandifunsa kuti kodi adona akudziwa? Ndinati ayi bwana, ndi sapulaizi. Anati inde, idzakhaladi sapulaizi. Mwaona, ngakhale azungu anzawo avomereza.

Amene sanakondwe ndi Anock. Anabwera Lamulungu lapitali, atangolowa pageti anakhala pansi, manja kumutu.

"Leston, ichi nchiyani?"

"Munda."

"Kapinga wa mayi uja ali kuti?"

"Ndaunjika kuseri, awole, akhale manyowa."

"Eish! Iwe, kuno si ku Mitundu! Wandipha. Anthu adzati Anock anabweretsa wamisala."

Ndinamuthyolera bonongwe. Anakana kawiri, kachitatu analandira, potuluka nkufunsanso ngati therere layamba. Ndi nsanje chabe. Iye zaka zisanu ndi chimodzi akumeta udzu, nzeru imeneyi sinamufikepo.

Ndawerengera kuti akandikweza kufika R1,000, malata atha mu Julayi. Muwauziretu a Laws.

Wanu,
Leston


Diepsloot, kwa Anock
14 Meyi 2006

Amake Chisankho,

Ndili moyo. Ndikhulupirira inunso ndi mwana muli bwino. Ulendo uno a Enerst abwera ndi kalata yokha, musawayang'ane m'manja. Adiresi yasintha pang'ono. Ndikukhala kwa Anock, m'kanyumba kamene kuno amati shaki. Malata mpaka m'makoma, ife tikusowa a padenga!

Ndinafuna ndisalembe, koma Anock ndi wapakamwa, mungamve zokhota kwa anthu ena.

Adona anafika Lachiwiri pa 2. Ndinavala malaya oyera aja a ku tchalitchi, ndinathyola nkhwani wansonga yekhayekha, nkuima pageti ndi mbale. Atatsika galimoto ndinati, "Takulandirani madamu. Zogula masamba zatha."

Chikwama chinagwa pansi. Anayang'ana mizere kwa nthawi yoti munthu ukhoza kusenda mtolo wonse wa nkhwani.

"Leston, kapinga wanga ali kuti?"

"Ali kuseri madamu, akuwola bwinobwino. Koma taonani maunguwa."

Anakhala pamzere, nkuyamba kulira, kulira kwenikweni kwa pamaliro. Bwana wa pampanda uja ndi amene anandifotokozera pang'onopang'ono. Akuti amuna a adona atamwalira sanaikidwe m'manda ngati anthu. Anawawotcha, phulusa lawo nkuliwaza pa kapinga yemweyo, poti ankamukonda. Amake mwana, ine ndalima pa munthu. Milungu itatu ndakhala ndikudya bonongwe wa pa bwana, nkumayamikira kuti dothi ili ndi lachonde. Muwauze abusa andipempherere, koma chifukwa chake musatchule.

Ndinagwada, ndinapepesa, ndipo ndinapepesa zochokera pansi pa mtima, poti mayi uja analira ngati amuna awo amwaliranso kachiwiri. Si munthu woipa. Sanaitane aliyense woti adzanditenge. Anangoti malipiro a Epulo agulira kapinga wina, ine ndizipita. Kapinga watsopanoyo ndinamuona ndi maso angawa akutsitsidwa mu lole, wopindapinda ngati mphasa. Kuno udzu amagula pa mita ngati nsalu.

Ndisanachoke ndinathyola ndiwo zonse, matumba awiri, poti kutaya chakudya sindingathe. Pa siteji ya minibasi mayi wina anandigwira mkono.

"Achimwene, ameneyo si nkhwani?"

Ndi mai Fatu a ku Mangochi, amaphika chakudya chogulitsa kwa a Malawi konkuno ku Diepsloot. Ndinawauza zoona, kuti mayi, ndiwozi zamera pa mzungu.

"Wakupsa kale?"

"Eya."

"Ine zaka zinayi osalawa nkhwani. Tsitsani matumbawo."

Anandipatsa R70 pomwepo. Ndiye ndaona kuti nzeru ija sinalakwike ayi. Analakwika ndi malo. Mbewu zina ndikadali nazo, khasunso ndatuluka nalo.

Amayi anu mungowauza kuti andisamutsa.

Wanu,
Leston


Diepsloot
9 Julayi 2006

Amake Chisankho,

Moni. Ine ndiliko, chimfine chokha. Kuno kukuzizira kosakhala masewera, madzi a mu ndowa amadzuka ali gwa ngati galasi. Kumeneko mwana azigona ndi masokosi awiri mwendo uliwonse.

R120 yokha ulendo uno. Idyeni, musagule lata.

Kumunsi kwa mashaki kuli kamtsinje konunkha. Sabata yomwe ndinakulemberani ija ndinalima dimba m'mbali mwake, monga timachitira kwathu mvula ikatha. Zinamera, nkhwani masamba anayianayi, mai Fatu anali atayamba kale kulonjeza makasitomala. Lachitatu lina m'mawa ndinapeza zonse zakuda, zagona, ngati wina wathira madzi owira. Ndinazungulira mashaki kufunsa amene wandichita chipongwe. M'mtima ndinkatinso mwina bwana wa phulusa uja wanditsatira. Munthu wina woweta mbuzi kumeneko anandiseka mpaka misozi, akuti ndi chisanu, kuno Juni ndi Julayi sadzala maungu, ngakhale mbuzi zake zimadziwa. Nanga ine ndikanadziwa bwanji kuti kuli dziko limene kuzizira kumawotcha?

Panopa ndikutsuka maminibasi, R5 imodzi. Manja ang'ambika ngati pansi pa mu Okutobala. Anock akuti, "Iwe taya khasulo, ndikupezere ya ulonda." Ndinamuyankha kuti ulonda ndi kukhala pampando kudikira anthu adzakumenye. Ine sukulu ndinalekera folo, chimene ndimadziwa ndi dothi. Kawiri landikana, koma kawiri konseko ndaphunzirapo: pa munthu ayi, mu Juni ayi. Zoletsa zikutha, kutsala malo ndi nthawi yoyenera.

Mwati mwagula malata awiri ndi ndalama ya zitumbuwa. Mzere umenewo ndinawerenga katatu, kenako ndinatuluka panja pang'ono. Zikomo. Ndiye akwana 11. Koma pokazinga mwana azikhala kutali ndi mafuta, poti mwati wayamba kukwawa. Mum'mange kumsana kapena mumupatse mnzanu. Ndipo anthu akafunsa, munene kuti malatawo achokera ku Joni. Si bodza kwenikweni, chiwaya mukukazingiracho ndinagula ndine.

Nsapato imodzi inatayika Lachisanu pothamanga. Amene tinkawathawawo, aja ofunsa mapepala, sanatipeze. Zimenezi zisakudetseni nkhawa, yotsalayo ndasunga.

Wanu,
Leston


Diepsloot
8 Okutobala 2006

Amake Chisankho,

Pepani ndakhala chete. Ndili bwino, msana wokha, ndifotokoza m'munsimu. Mwati mwana wayamba kuima, ndiponso akuitana a Laws kuti ababa. Muzimuonetsa chithunzi chathu cha ukwati m'mawa uliwonse asanadye phala, muziloza ine. A Laws ndi munthu wabwino, koma azibwera pa nkhani ya denga yokha.

Chisanu chitatha ndinadzalanso. Kumtsinje kuja mbuzi zinali zitazolowera njira, ndipo pansi pena paliponse kuno pali mwini wake. Ndiye ndinayang'ana kumwamba. Denga la shaki ya Anock ndi lafulati, dzuwa tsiku lonse, mbuzi siikwera. Ndinatola matayala akutha 18, ndinawakweza, ndinayala masaka m'kati nkuthira dothi ndi manyowa. Anock anafunsa ngati dengalo lipirira. Ndinadumpha pamwamba pake katatu kumuonetsa. Chimene sindinawerengere ndi chakuti dothi likamwa madzi limalemera.

Loweruka lina mwezi wathawu masana Anock akuonera mpira pa TV yake, ine ndili pamwamba ndi ndowa yachisanu ndi chimodzi. Ndinangomva phaso likuti thyo! Kenako ndinapezeka nditakhala pabedi la Anock, tayala la bonongwe pamiyendo. Anock anatuluka pansi pa lata, manyowa mpaka m'makutu, kapu ya tiyi ikadali m'manja. Sanavulale. TV ndiye inatsogola.

Anandiyang'ana nkunena kuti, "Leston, kodi unabwera ku Joni kudzafuna denga, kapena kudzagwetsa madenga?"

Funsolo linali loona.

Koma amake mwana, matayala 15 anagwa choimirira! Mbewu osathothoka ngakhale tsamba limodzi. Anthu anadzaza kudzaonerera, mai Fatu nawonso anabwera. Anaseka mpaka kutsamira khoma, khomalo nkugwanso. Atapukuta misozi anati, "Bambo inu mupha anthu. Bweretsani matayalawo kwanga musanakwere pa tchalitchi." Amuna awo ndi a konkuno, ali ndi nyumba ya njerwa, mpanda ndi mpopi. Tapangana kuti pa mitolo itatu iliyonse umodzi ndi wawo. Ndatuta ndi wilibala masiku awiri, nchifukwa chake msana.

Shaki ndaikonza ndekha, yaima bwino kuposa kale. TV ndilipira pang'onopang'ono, R600. Anock sanandithamangitse, koma wandiletsa kukwera pa chilichonse, ngakhale pampando.

Za kugwa kwa denga musauze munthu ku Chinsapo, makamaka a Laws.

Wanu,
Leston


Diepsloot
12 Novembala 2006

Amake Chisankho,

Ndikulemba choimirira, a Enerst aliza kale injini. Ndili bwino, inunso mukhale bwino.

Ndiwo zikuyenda. R5 pa mtolo. Lamulungu a Malawi amachokera mpaka ku Mayfair, ena ovala masuti, kudzakanganirana chitambe ngati ana. Yadi yonse ya mai Fatu ndailima, koma ndinayamba ndafunsa ngati pali amene anawazidwapo.

Nayi R850, ya ndiwo ndi ya maminibasi pamodzi. Mwati lata lafika K1,300. Mugule asanu, yotsalayo mapaso ndi misomali. 24 sakwana, ndavomera. A Laws akhome 16 amenewo kuyambira kuchipinda, pabalaza pakhale pulasitiki. Ya ntchito yawo andidikire. Ayambe mawa lomwe, asati Loweruka. Mitambo mukuiona ndinu, ine kuno ndikungoiganizira.

Pokhoma mwana mupite naye kwa anzanu, msomali ungagwe.

Leston


Diepsloot
10 Disembala 2006

Amake Chisankho,

Moni kwa inu ndi mwana. Ine ndili bwino. Kalata yanu ndinaiwerengera m'munda, ndipo mai Fatu anandifunsa ngati kwagwa maliro kumudzi. Ndinati ayi, ndi tsabola wandilowa m'maso. Tsabola sindinadzale, iwonso akudziwa.

Ndiye mvula inabwera patapita masiku atatu a Laws atatsika padenga. Mwati inagwa kuyambira masana mpaka madzulo, pabalaza panasanduka dziwe, mbale zikuyandama, koma kuchipinda ngakhale dontho. Bulangete louma. Mawu amenewo mundilemberenso m'kalata ikubwerayi, ngakhale ndawamva kale.

Ndinalumbira 24, ndakwanitsa 16, ndipo awiri mwa amenewo ndi anu. A Aubrey akuti akuseka kuti nyumba yathu yavala kabudula. Aseke. Akabwera muziwakhazika pabalaza, makamaka kukachita mitambo.

Mwatinso mwana analira kwambiri ndi phokoso la mvula pa malata, anakukakamirani osafuna kutsika. Zandidetsa nkhawa pang'ono. Mumuike thonje m'makutu? Ayi, musamuike, angalikankhire m'kati. Mungomufukata. Azolowera, ndi phokoso la kwawo.

Khirisimasi sindibwera. Ndi nthawi imene nkhwani akufunika kwambiri, ndiponso anthu awiri oyandikana ndi mai Fatu andipempha kuti ndilime m'mayadi mwawo, tizigawana. Anock tsopano ndi amene amalandira ndalama Lamulungu, akudzitchula manijala, ndipo akuuza aliyense kuti nzeru ya munda inali yake. Ndamusiya, TV inali yakenso. Malata asanu ndi atatu otsalawo muwayembekeze pofika Febuluwale. Sindilumbiranso, ndingotumiza.

Chinthu chimodzi ndikupempha. Tsiku lina mvula ikadzayamba masana, muthamange mukabwereke foni ya a Laws. Mufulashe pa nambala ya mai Fatu, ndalemba kuseri kwa pepalali, ndidzaimba ndine. Musadzayankhule zambiri, mayunitsi ndi odula. Mudzangolowa kuchipinda, mukwere pabedi, foniyo muikweze m'mwamba pafupi ndi malata. Mphindi imodzi yokha. Mwana akadzalira musamutontholetse, ndidzamve zonse pamodzi.

Ndine wanu,
Bambo a Chisankho

A Laws tatsala nawo K3,500 ya ntchito, muwauze Januwale. Anock ndatsala naye R420.